Za mwana sitiotcha

Mwana wanga atayamba kuvala madayapa, amayi anga anandiuza chinthu chimodzi chokha, choti ndisadzayerekeze kuwaotcha. Anati moto ukakhudza chimbudzi cha khanda, khandalo limapsa matako ngakhale lili kutali ndi motowo, ndipo zilonda zake zimavuta kupola. Ananena ali chiimire pakhomo, akumanga mpango kuti akakwere kabaza wobwerera kwathu kwa Kanduku, ngati mmene munthu amakukumbutsira kuti utseke zenera. Ine ndinangoti chabwino. Sindinakhulupirire, komanso sindinatsutse. Masiku amenewo zinthu zambiri ndinkangoziyankha choncho.

Poyamba mwanayu, yemwe ndi wamkazi, ankavala matewera ansalu. Koma nyumba imene timachita lendi ku Mwanza Boma ili ndi mpopi umodzi wa pabwalo, wa mabanja angapo, ndipo chilimwe chitafika mpopiwo unkangotulutsa mpweya. Madzi a pamjigo unkachita kuwadikira pamzere wa zidebe, ukabwera nawo n'kumasankha kuti aphikire, asambitse mwana kapena achapire. Tchuthi changa nachonso chinatha. Ndinayenera kubwerera kushopu komwe ndimataipa makalata a anthu ndi kupanga fotokope. Mwana ndinkamusiya ndi neba, mayi wa ana ake atatu, ndipo iye anandiuza mosabisa kuti kulera alera, koma kuchapa matewera a mwana wa mwini ayi. Ndiye madayapa analowa m'nyumba mwanga choncho.

Sindinkagula a m'mapaketi okongola aja. Ndinkagula a pabelo, mumsika, kwa bambo wina amene amangowayala pathebulo n'kumagulitsa limodzilimodzi. Ena amakhala opanda chomatira mbali imodzi, ena mwendo wina waukulu wina waung'ono, ena olembedwa chilankhulo chimene palibe aliyense mumsikamo angachiwerenge. Bamboyo ankati amabwera m'makontena kudzera ku Beira, ndipo ndi otsala a kufakitale amene eni ake anawakana. Ankaseka kuti kumeneko n'zinyalala, koma zikangodutsa pa boda zimasanduka katundu. Tinkawasankha monga timasankhira kaunjika, kuwatambasula, kuwayang'ana kudzuwa, kukoka lasitiki kuti tione ngati ikugwira.

Ine ndili ndi satifiketi ya kukoleji, ya zachitukuko cha m'madera. Ili m'chikwama pansi pa bedi. Kumeneko tinaphunzirako za zinyalala. Aphunzitsi anatiwonetsa pa laputopu phiri la zinyalala la dziko lina, magalimoto akukwera pamwamba pake kukakhuthula zina, anthu akutola kumunsi. Anatiwonetsanso sitima za pamadzi zodzaza makontena a zinyalala, zochoka kumayiko olemera kupita kosauka, chifukwa kuli makampani akuluakulu amene ntchito yawo ndi kuchotsa zonyansa pamaso pa munthu wina n'kukaziika pamaso pa wina. Tinalemba m'makope kuti utsi wa pulasitiki umawononga mapapo, kuti pulasitiki ikalowa m'nthaka siwola, ife tidzafa iyo ikadalipo. Phunziro limenelo ndinakhoza bwino. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti sindinali mbuli. Ndinkadziwa kuti dayapa ndi pulasitiki, thonje pang'ono, ndi timibulu tija timene timafufuma tikanyowa. Ndinkadziwa kuti moto woyaka kudzala sungafike pakhungu la mwana amene wagona m'nyumba. Koma palibe tsamba limene linanena kuti mayi wa chipinda chimodzi cha lendi akamuvula mwana dayapa m'mawa, alowere nalo kuti.

Ndinayamba ndi chimbudzi. Alandilodi athu ndi mayi wamkulu, wamasiye, amene anabwera kuno ali mtsikana pothawa nkhondo ku Mozambiki ndipo sanabwererenso. Zinyalala amazitchula kuti lishu, mawu a kwawo. Chimbudzi cha pamalopo n'chokumba, ndipo amakonda kunena mmene anavutikira kuchikumbitsa pamiyala. Tsiku lina anaunikamo ndi tochi ya foni n'kuona zoyera zili mbuu. Anatiitana amayi tonse a pamalopo, ngakhale aliyense ankadziwa kuti khanda pabwalopo ndi langa lokha. Anati zinthu zimenezi zimafufuma ndipo siziphwa, chimbudzi chikadzaza palibenso malo okumba china, ndiye amene abwereze ayambe kufuna nyumba kwina. Sanandiyang'ane n'komwe. Anzangawo ndi amene anandiyang'ana.

Dzala lilipo, kumapeto kwa mpanda, koma amaliotcha Loweruka lililonse. Ndinayesa kukwirira. Nthaka ya pabwalo lathu ndi gwa, khasu limangodumpha, moti dzenje langa linali losaya. Agalu anafukula. M'mawa madayapa anali mbwee m'njira, ong'ambikang'ambika, nkhuku zikujompha timibulu tija, ine n'kumatola anthu akudutsa kupita kuntchito. Neba anandiuza kuti ena amakataya pansi pa mlatho. Ndinapitako tsiku lina ndi jumbo yodzaza. Ndinapeza ambiri atakodwa m'mabango, ofufuma ngati nkhuku zakufa, kumunsi kwake amayi akuchapa pamadzi ochepa amene anatsala. Ndinabwerera nayo jumbo yanga. Ndikanakonda kunena kuti ndinawamvera chisoni amayiwo, koma kunena zoona chimene ndinaganiza n'chakuti eni madimba amatentha mabango akamalambula, ndiye moto udzawapeza ndithu.

Ndiye ndinayamba kusunga. Kuseri kwa bafa kuli kampata pakati pa khoma ndi mpanda, kongokwana munthu mmodzi kuyenda cham'mbali. Ndinaikako thumba la feteleza. Dayapa lililonse ndinkalipinda, kuliika m'jumbo, kumanga, kuponya m'thumbamo, kumanganso thumbalo ndi chingwe, pamwamba n'kuikapo chidutswa cha lata ndi mwala. Ndinkadziuza kuti n'zongoyembekezera, nzeru ibwera. Thumba linadzaza, ndinabweretsa lina, nalonso linadzaza. Munthu sungakhulupirire kulemera kwa zinthu zochoka mwa kamwana kochepa choncho. Kutentha kwa Okutobala kutafika kunabwera ntchentche zobiriwira zija, ndipo anthu osamba m'bafa anayamba kutsokomola mokweza kuti ndimve.

Ine fungolo ndinasiya kulimva. Zambiri ndinasiya kuzimva nthawi imeneyo. Mwana akaseka, anthu ankati taonani akukusekererani, ine n'kumuyang'ana ngati mwana wa munthu wina amene wakhala naye pafupi mu minibasi. Chakudya ndinkadya chifukwa choti ndikuyamwitsa. Chimene ndinkachita bwino ndi kumuyendera. Kumugwira pamphumi, kuika chala pamphuno akagona, kumutsegula dayapa n'kuyang'ana khungu lake mbali zonse, m'mapindi a ntchafu, kumbuyo, ngakhale nditangomuyang'ana kumene. Kuntchito ndinkataipa makalata ofunsira ntchito a anthu ena, manja akuyenda okha, mutu uli kuseri kwa bafa. Ndikamva fungo la utsi uliwonse, ngakhale wa wootcha chimanga pamsewu, ndinkatuluka panja kuona kumene ukuchokera.

Bambo a mwanayu amayenda ndi thiraki, amathandizira dalaivala, njira ya ku Tete mpaka ku Joni. Amafika pakhomo mwa apo ndi apo, makamaka thiraki ikamadikira mapepala pa boda. Nthawi imeneyo ankanyamula zitsulo zakutha, mabatire akale a galimoto ndi mabelo a mabotolo apulasitiki ophwanyidwa. Ankati zimenezo kumeneko kuli ozigula, ndipo zimayenda ndi mapepala ndi zidindo zambiri kuposa munthu. Atabwera ulendo wina, ndinawatengera kuseri kwa bafa dzuwa lisanalowe n'kuwaonetsa matumba aja. Anagwira mphuno ndi malaya. Ndinawapempha kuti awaike kumbuyo kwa thiraki, akadutsa boda, akafika patchire popanda nyumba, akawagwetse. Anaseka. Anati ofesala wa pa boda akafunsa kuti katundu uyu ndi chiyani ayankhe bwanji, nanga chidindo chake chikachokera ofesi iti. Ataona kuti ine sindikuseka, anasiya, n'kunena kuti ayesa kulankhula ndi dalaivala. Ine ndinalimbikira kuti kumeneko tchire ndi lalikulu, palibe angaone, palibenso angadandaule.

Sitinadziwe kuti alandilodi anali m'bafamo. Mawu awo anabwera kudutsa khoma.

"Amake mwana, ndiye kwathu kwasanduka dzala lanu?"

Bambo a mwana anayamba kupepesa, kuti zinali zocheza chabe. Alandilodi anatuluka atamanga chitenje pachifuwa, ndowa ili m'manja, madzi akudontha m'makutu. Anawadutsa bambowo. Anayang'ana ine.

"Tchire mukunenalo muli anthu. Mng'ono wanga amatola nkhuni mmenemo."

Ndinkadziwa kuti apa ndiyenera kuchita manyazi. Ndinaima n'kumadikira kuti manyaziwo abwere, koma sanabwere. Chimene chinabwera m'mutu n'chakuti ngati muli anthu ndiye kuti amatenthanso tchire, ndiye kumeneko nakonso sikuthandiza. Alandilodi anati lishu lonselo lichoke mvula isanagwe, n'kulowa m'nyumba mwawo. Bambo a mwana ananyamuka m'mawa mwake thiraki itapatsidwa mapepala. Matumba anatsala.

Sindinachite kanthu. Ndinkadzuka, kumanga jumbo ya tsikulo, kuponya m'thumba, kupita kuntchito. Mitambo inayamba kusonkhana masana n'kumabalalika madzulo. Tsiku lina ndikuweruka, ndisanakhote pachigayo, ndinaona utsi kumbali ya kwathu. Sunali utsi wa masamba. Unali wakuda, wolemera, wosafuna kukwera kumwamba, ukungoyenda pamadenga. Sindinathamange. Ndinayenda mmene ndimayendera masiku onse, ndipo ndikukumbuka kuti ndinapatsa moni mayi wogulitsa tomato.

Alandilodi anali atakokera matumba onse kudzala mothandizidwa ndi bambo wa nyumba yakumapeto, n'kuthira parafini. Koma madayapa onyowa sayaka. Kunja kunali kutasungunuka, kwakuda, kukudontha, pamene mkati munali moyerabe, mukuchita thovu ndi kulira ngati nkhuni zaziwisi. Iwo anali atamanga mpango pamphuno, akutakasa ndi mtengo. Atandiona sanabise nkhope. Anati adikira mokwanira, mphutsi zayamba kulowa m'bafa, ndipo banja lina lanena kuti lisamuka. Ndinawauza zimene amayi anga anandiuza zija. Ndinanena motsitsa, ngati ndikuwerenga za munthu wina.

"Ndikuzidziwa," anatero. "Kwathunso amanena. Koma kukampu ya othawa nkhondo kuja nsanza za ana tinkaotcha, tikanazisunga kuti? Ana anga aja si awo mukuwaonawo?"

Ndinapita kwa neba kukatenga mwana. Utsi unali utalowa m'nyumba zonse, mpaka m'makatani. Mwana anali mtulo pamphasa. Ndinamutsegula pomwepo osamudzutsa. Khungu linali losalala ngati m'mawa. Neba anaima pambali panga n'kumayang'ananso, ndipo ndinadziwa kuti nayenso nkhani ya moto ija amaidziwa. Anati mwina sizichitikira aliyense.

Mulu uja unafuka masiku angapo. Ukaoneka ngati wazima, mphepo ikawomba unkayambiranso. Mwana anayamba katsokomola kouma. Ine ndinkamutsegula pafupipafupi mpaka zomatira zinkasiya kugwira. Kenako m'mphepete mwa ntchafu munafiira. Tsiku lotsatira kufiirako kunafalikira kumbuyo konse, kunatuluka timatuza, timatuzato tinaphulika, khungu linasupuka n'kumaoneka lonyowa ngati la munthu amene wakhuthukiridwa ndi phala. Akakodza ankalira mpaka mawu kutha. Ndinamugoneka pabedi n'kumayang'ana zilondazo nthawi yaitali. Sindinalire. Ndinamva ngati mmene umamvera minibasi imene wakhala ukuidikira padzuwa ikatulukira pakona, kuti basi, yafika.

Ndinaimbira amayi. Ndisanamalize kufotokoza anandidula.

"Waotcha?"

"Sindine, amayi. Ndi alandilodi."

"Wayatsa ndani zilibe ntchito, iwe. Zapsa basi. Ndikubwera mawa."

Anafika m'mawa ndi basiketi yawo ya kumsika. Anamutenga mwana, anamuyang'ana, anagwedeza mutu kamodzi, n'kunena kuti tiyeni kuchipatala. Amayi anga si munthu wokana chipatala. Amagulitsa manachesi pamsewu nyengo yake ikakwana, amadziwa kulankhula ndi aliyense, ndipo mankhwala a kuthamanga kwa magazi amamwa mosadumphitsa. Tinapita kukiliniki ina ya pafupi. Pabenchi panali amayi ambiri ndi makanda awo, tonse thukuta lili kamukamu.

Nesi wake anali wa msinkhu wanga. Anafunsa madayapa amene ndimagula komanso kuti limodzi amakhala nalo nthawi yaitali bwanji. Ndinati neba amasintha likalemera, chifukwa ndimamusiyira ochepa. Nesiyo anati ndi zimenezo, kutentha kuno, mkodzo, pulasitiki yosapitisa mphepo, ndipo a pabelowo ena amakhala okhakhala mkati. Chifuwacho anati ndi utsi, chitha chokha utsiwo ukatha. Anatipatsa mafuta oyera opaka, n'kunena kuti mwana azikhala wosavala pachitenje nthawi zonse zimene ndingathe. Ndinafunsa za moto. Ndinafunsa mwa njira yoti aone kuti ine sindikhulupirira, kuti ndikungofunsira ena.

"Mayi, madayapa onse otayidwa mu bini umo ife timakawaotcha kuseri uko," anatero. "Bwenzi ana onse a m'dera lino atapsa. Limene mwamuvulalo ponyani momwemo."

Bini inali pakhomo, yachivundikiro chopondera ndi phazi. Ndinaponda. Munali thonje, magulovu, timabokosi ta mankhwala. Dayapa munalibe ngakhale limodzi. Nditacheuka kubenchi kuja ndinaona chimene sindinachione polowa, kuti pafupifupi mayi aliyense anali ndi kajumbo komanga, wina kakusuzumira m'chikwama, wina wakapanira pansi pa mwendo, wina wakamangirira kunsonga ya chitenje. Ndinaima pamenepo phazi lili pachopondera, dayapa lili m'manja. Mutu unkati ponya. Dzanja silinatseguke. Amayi anabwera, analitenga m'manja mwanga mmene umalandira mpeni kwa mwana, analiika m'basiketi mwawo, n'kuwerama pang'ono kuthokoza anesi. Nesiyo anaona zonse. Anangoitana wotsatira.

Tili panja amayi anati anesi anena zawo ndipo mafutawo tipaka, koma zotsala za pamoto zija sizingakhale padzuwa zikufuka, ziyenera kukazizira m'nthaka kumunda kwathu. Titafika kunyumba anapita kukagogoda kwa alandilodi. Ndinkayembekeza mkangano. Koma anapatsana moni wautali, anafunsana za mvula, za miyendo, za ana amene ali kutali. Nkhani ya moto anangoikhudza pamwamba, wina kunena kuti malo ndi ochepa, wina kuvomera kuti inde m'tauni malo ndi ochepa. Palibe anapepesa, palibe analoza mnzake chala. Pamapeto alandilodi anatibwereka fosholo n'kutipatsa matumba awiri abwino. Tinawola muluwo ine ndi amayi. Zina zinali zitaundana n'kukhala chibuma chimodzi cholimba, chakuda, chomatirira ku zidutswa za thumba. Ukachiswa ndi fosholo mkati munkatuluka nthunzi, ndipo madayapa ena anali athunthu, opindidwa mmene ndinawapindira.

Kondakitala wa minibasi anangonunkhiza n'kukana. Tinapeza wa kabaza wa njinga yamoto wa kwathu komweko, amene anamanga matumbawo kumbuyo osafunsa zambiri n'kutsogola. Ife tinatsatira pa ina, mwana ali pakati pathu, wokutidwa chitenje chokha.

Munda wathu uli pachitunda kuseri kwa mudzi. Ndi wa amayi, anaulandira kwa amayi awo, ndipo kwathu munda umatsata mwana wamkazi, ndiye ukubwera kwa ine, ukadzachoka kwa ine udzapita kwa mwanayu. Amayi anasankha kumtunda kwenikweni, pamiyala, pamene chimanga chimangokula kufika m'mawondo. Mwana tinamugoneka pamthunzi, matako ali oyera ndi mafuta aja. Tinakumba mosinthana mpaka dzenje linafika m'chiuno, chifukwa kumudzi kuli nkhumba, ndipo nkhumba imafukula kuposa galu. Titakhuthuliramo, amayi anatenga chigubu cha madzi chimene anabwera nacho n'kuthira pang'onopang'ono pa zakudazo mpaka madzi onse anatha. Sikuti anali mapemphero. Kenako tinakwirira, n'kuunjika miyala pamwamba kuti wina asadzasonkhepo moto wa mapesi.

Ndili chiimire pamenepo ndinayang'ana kumunsi. Mundawo umatsetsereka kukathera kudimba, ndipo kudimbako kuli chitsime chimene mabanja a mbali imeneyo amamwa. Ndinkadziwa kumene madzi a mvula amapita akalowa m'nthaka. Kukoleji madzi odutsa m'zinyalala ali ndi dzina lake la Chingerezi, ndipo dzinalo linabwera m'mutu mwanga lonse, mpaka kalembedwe kake. Sindinalitchule. Ndinanyamula khasu ndi chigubu, amayi anabereka mwana, tinatsika.

Zilonda zinauma. Khungu latsopano linabwera lotuwa, kenako linafanana ndi linzake. Chifuwa chinatha. Amayi anati mwaona, zazizira. Neba anati mafuta a anesi aja ndi amphamvu. Alandilodi anamunyamula mwana, anamuyang'ana kumbuyo, n'kunena kuti ana amatero nyengo yotentha. Aliyense ankandiyang'ana kuti ndivomere zake, ndipo aliyense ndinamuvomera. Ine mpaka lero sindikudziwa. Kapena ndinene kuti ndikudziwa, koma kudziwako sikufika m'manja.

Mvula itagwa mpopi unayambanso kutulutsa madzi, ndipo ndikakhala pakhomo ndinabwerera ku matewera ansalu. Koma masana a ntchito neba sanasinthe mawu ake, ndiye madayapa anapitirira. Tinagwirizana ndi wa kabaza uja. Thumba likadzaza ndimamuimbira, amabwera, amamanga kumbuyo, amakatula kwa amayi. Anzanga amatumiza kumudzi shuga ndi sopo. Ine ndimatumizanso shuga ndi sopo, m'kajumbo kapadera kopachika kutsogolo. Amayi amakumba okha, nthawi zina amapeza waganyu, koma ena akamva zimene zili m'thumbamo amakana. Alandilodi sanadandaulenso. Kuseri kwa bafa tsopano amasungako nkhuni.

Ulendo womaliza umene ndinapita kumudzi kunali kutakololedwa kale, anthu ayamba kusosa. Ndinapita ndi thumba ndekha chifukwa amayi anati pali zoti tikambirane kumunda. Mwana anali atayamba kuyenda, ndipo anakana kuberekedwa, anakwera chitunda chonse atagwira chala changa, akugwa n'kumadzuka. Kumtunda kuja ndinapeza milu ya miyala itandandalika mzere kuyambira kumalire a kum'mawa mpaka a kumadzulo. Munthu wachilendo akanafunsa kuti kunagwa zotani pamudzi pano. Mulu umodzi madzi a mvula anali ataukokolola m'mbali, ndipo panja panatulukira nsonga yoyera. Ndinaikoka pang'ono. Lasitiki yake inatambasuka n'kubwerera.

Amayi anati pamiyala patha. Kwatsala nthaka yabwino yokha. Anati iwo atha kukumba paliponse koma safuna kuti mawa ndidzawanene, ndiye ndisankhe ndekha. Anandionetsa m'mphepete mwa malire a kumunsi, mbali ya kuchitsime, kumene kuli udzu ndipo sitilimako kwenikweni. Anandionetsanso pakati pa munda, pamene nthaka ndi yakuda, pamene chaka chilichonse pamachoka chimanga chimene chimawafikitsa ku Febuluwale.

"Munda ndi wako uwu," anatero. "Loza."

M'minda yoyandikana anthu anali atayamba kutentha mapesi. Utsi unkakwera apa ndi apo, ndipo kumalire a kumunsi kuja moto wa eni munda winawo unali utadya kale udzu mpaka kulowa mbali yathu, panali pakuda. Chaka chilichonse umalowa choncho. Pakati pa munda moto sufika, chifukwa amayi mapesi awo amakwirira m'mizere. Mwana anali atakhala pansi pamzere wakale, wavula kabudula yekha mmene amachitira masiku ano, akudzithira dothi pamiyendo. Kumbuyo kwake kunali kosalala, kopanda ngakhale chipsera.

Ndinaloza pakati. Amayi anayang'ana pamene ndalozapo kwa kanthawi, anayang'ana mwana, kenako anandipatsa khasu. Nthaka yake inali yofewa, sinavute kukumba.